Kumene amasulira aphunzitsi a ku Niassa

Mwezi wa Juni ku Lichinga kumazizira mofika m'mafupa. Mzindawu unakhala pamtunda, mamita oposa 1,300 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo dzuwa likangopendeka mphepo imatsika m'mitengo ya paini n'kuyamba kulowa m'malaya. Nthawi imeneyo, amayi ogulitsa mbatatesi ndi nyemba akumanga katundu wawo pamsika, mumsewu mumaoneka anthu ena ovala majekete, zikwama zili kumsana, ena pa njinga zamoto, ena wapansi. Ambiri mwa iwo unyamata anaupitirira. Ndi abambo ndi amayi a pabanja, ndipo mutawagwira chanza mungamve fumbi la choko m'zala zawo. Kuyambira m'mawa anali chiimire kutsogolo kwa ana, tsopano akupita kukakhala pa desiki iwowo.

Mukafunsa kumene akulowera, ena amayankhabe kuti ku UP, ngakhale dzina limeneli linachoka pachipata mu 2019. Lero sukuluyi ndi nthambi ya Universidade Rovuma, ndipo makalasi ake ali ku Nángala ndi ku Chiuaula, mumzinda momwemo. Koma dzina lakale silichoka msanga pakamwa, makamaka ngati linali dzina lonena ntchito. UP ndi chidule cha Universidade Pedagógica, kutanthauza yunivesite yosula aphunzitsi. Mbiri yake ku Lichinga ndi yaifupi, inayamba mu 2005. Komabe munthu sangaimve bwino akaiyambira pamenepo, chifukwa ntchito yosula aphunzitsi m'chigawo cha Niassa ku Mozambique ili ndi agogo ake, ndipo agogowo anali a kunyanja.

Zaka za m'ma 1800 zikupita kumapeto, amishoni a Chingerezi a mpingo wa Anglican, a bungwe la UMCA, anali atamanga likulu lawo pa chilumba cha Likoma. Mmodzi wa iwo, William Percival Johnson, ankayenda ndi sitima m'midzi ya kugombe la kum'mawa kwa nyanja, kulalikira ndi kutsegula timasukulu. Posakhalitsa anaona chimene aliyense wotsegula sukulu amachiona: denga la udzu limamangika m'masiku awiri, koma woima pansi pa dengalo sapezeka m'masiku awiri. Ndiye anatsegula koleji ya St Michael ku Kobwe, malo amene pa mapu a Chipwitikizi amalembedwa kuti Cóbuè, moyang'anana ndi Likoma. Anyamata a m'midzi ya Anyanja ankaphunzira kumeneko kuwerenga, kulemba, masamu ndi Malemba, kenako n'kutumizidwa kumudzi wina kukayambitsa sukulu. Pambuyo pake kolejiyo inasamukira ku Likoma, koma mbewu inali itagwera kale m'nthaka ya Niassa.

Chimene ndimachilemekeza pa sukulu zimenezo ndi chilankhulo. Mwana wa ku Kobwe kapena ku Messumba ankayamba kuwerenga m'Chinyanja, mawu omwewo amene mayi ake ankamuitanira kudzadya nsima ya kondowole ndi usipa. Mphunzitsi wake anali mwana wa mudzi woyandikana nawo, wodziwa kupalasa bwato ndi kusoka ukonde. Kumtunda, ku Unango, kunali wansembe wa Chiyao, Yohana Abdallah, amene anakhala kumeneko zaka zambiri akuphunzitsa anthu a mtundu wake, n'kulemba mbiri ya Ayao m'Chiyao, buku lotchedwa Chiikala cha Wayao limene linasindikizidwa mu 1919. Mishoni ya Messumba, pafupi ndi Metangula, inadzakhala chitsime chachikulu cha anthu ophunzira m'dera lonselo. Kumeneko ndi kumene kunabadwira Brazão Mazula mu 1944, munthu amene anadzatsogolera bungwe loyendetsa chisankho choyamba cha zipani zambiri mu 1994, kenako n'kukhala mkulu wa Universidade Eduardo Mondlane. Sindikunena kuti amishoniwo analibe zawo zolakwika. Miyambo yambiri ya makolo ankaiyang'ana ndi diso lonyoza. Koma pa nkhani ya kuyamba ndi chilankhulo cha mwana, anaona patali kuposa maboma amene anabwera pambuyo pawo.

Boma la atsamunda la Apwitikizi linafika mochedwa kumtunda kuno. Mpaka 1929 dera lonseli linali m'manja mwa kampani ya Companhia do Niassa, imene chidwi chake chinali pa msonkho ndi pa anthu ogwira ntchito, osati pa sileti. Mzinda wa Lichinga weniweniwo unakhazikitsidwa mu 1931 ndi dzina loti Vila Cabral. Mu 1940 dziko la Portugal linapangana ndi Vatican, ndipo chaka chotsatira lamulo linapereka maphunziro a ana a anthu akuda m'manja mwa mishoni za Katolika. Ansembe a Consolata anagwira ntchito yaikulu m'malo ngati Massangulo, kumene anyamata ankaphunzira ukalipentala ndi ntchito zina zamanja. Koma cholinga cha boma chinali chimodzi: mwana alankhule Chipwitikizi, aphunzire mitsinje ndi mafumu a ku Portugal, asapite patali. Oyenda ulendo wonse mpaka kusekondale anali owerengeka pa zala. Yunivesite yoyamba m'dzikomo inatsegulidwa mu 1962 ku Lourenço Marques, mzinda umene lero ndi Maputo, makilomita oposa 2,000 kuchoka ku Vila Cabral, ndipo pafupifupi onse ophunzira kumeneko anali ana a azungu.

Nkhondo yomenyera ufulu itayamba pa 25 Seputembala 1964, gombe la nyanja linali pakati pa malo oyamba kumva kulira kwa mfuti, ndipo ambiri mwa anyamata amene anathawira ku Tanzania kukalowa Frelimo anali ana a sukulu za mishoni. M'madera amene asilikali a Frelimo analanda, sukulu zinkachitikira pansi pa mitengo, wodziwa pang'ono kuphunzitsa wosadziwa konse. Msonkhano waukulu wachiwiri wa chipanicho unachitikira m'tchire la Matchedje, m'boma la Sanga, mu Julayi 1968.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975 n'kupeza anthu oposa 90 mwa 100 alionse osadziwa kulemba ndi kuwerenga. Aphunzitsi a Chipwitikizi ananyamuka kubwerera kwawo. Patangotha mwezi umodzi, pa 24 Julayi, boma linatenga sukulu zonse kukhala zake, kuphatikizapo za mishoni, ndipo ana anakhamukira m'makalasi ngati madzi osefukira. Wowaphunzitsa ndani? Pa 8 Malichi 1977 Pulezidenti Samora Machel anaitana ophunzira a makalasi omaliza a sekondale n'kuwauza kuti aimike kaye maphunziro awo, dziko likuwafuna. Ena anatumizidwa ku usilikali, ena ku ntchito zina za boma, ambiri ku uphunzitsi. Mpaka lero anthu amenewa amadziwika ndi dzina la tsikulo, m'badwo wa 8 Malichi. Panali amene ankalota udokotala kapena uinjiniya, n'kudzipeza atagwira choko m'chigawo chimene chilankhulo chake sankachidziwa. Kupulayimale zinthu zinali zothina koposa: wotsiriza kalasi 6 ankaphunzitsidwa chaka chimodzi, basi wakhala mphunzitsi. Ndimawaganizira mwaulemu anthu amenewa. Anasenza mtolo woposa msinkhu wawo, ndipo ambiri mwa akuluakulu amene akuyendetsa Niassa lero anaphunzira afabeti m'manja mwawo.

Boma linkadziwa kuti zigamba zoterezi sizingakhalitse. Mu 1983 linakhazikitsa lamulo la dongosolo la maphunziro a dziko lonse, ndipo mu 1985 linatsegula ku Maputo sukulu yapamwamba yoona za uphunzitsi yokha, Instituto Superior Pedagógico. Uyu ndiye kholo lenileni la sukulu ya ku Lichinga. Mu 1989 inatsegula nthambi ku Beira, ndipo aka kanali koyamba kuti maphunziro a ukachenjede atuluke mu likulu la dziko. Mu 1995 inakwezedwa n'kukhala Universidade Pedagógica, chaka chomwecho n'kufika ku Nampula.

Pa atsogoleri ake oyambirira, mmodzi ndi woyenera kuimapo pang'ono. Paulus Gerdes anabadwira ku Netherlands, anafika ku Mozambique dziko litangolandira ufulu, n'kukhala nzika, ndipo anatsogolera sukuluyi kuyambira 1989 mpaka 1996. Anali katswiri wa masamu, koma masamu ake ankawafuna m'malo amene ena sankayang'anako: m'kalukidwe ka madengu ndi mphasa, m'misampha ya nsomba, m'zojambula za pamchenga. Ankaphunzitsa kuti mayi woluka lichero akuwerenga, akuyeza, akusunga dongosolo, ngakhale sanapondeko m'kalasi, ndipo mphunzitsi wanzeru angayambire pa licherolo kuti afike pa zimene zili m'buku. Aliyense amene anaonapo msodzi wa ku Meluluca akuluka mono adziwa kuti mfundoyi ndi yoona. Ndi cholowa chimene sukulu ya ku Lichinga ili nacho m'magazi, kaya ikuchigwiritsa ntchito mokwanira kapena ayi.

Pamene zonsezi zinkachitika kummwera, Niassa inali pamoto. M'zaka zoyambirira za ufulu chigawochi chinasanduka kotayira anthu: misasa yoti akasinthirko maganizo inamangidwa kuno, ndipo mu 1983, pa ntchito yotchedwa Operação Produção, anthu zikwizikwi anatengedwa m'misewu ya Maputo ndi Beira n'kutsitsidwa m'tchire la Niassa kuti akalime. Kenako nkhondo ya Renamo ndi boma inafika. Sukulu zinatenthedwa, aphunzitsi ankasakidwa chifukwa ankaonedwa ngati nkhope ya boma m'mudzi, njanji yochokera ku Cuamba inafa, ndipo Lichinga inatsala ngati chilumba chofikako ndi ndege. Anthu oposa 1 miliyoni a ku Mozambique anathawira ku Malawi. Ana ambiri a ku Mandimba, Mecanhelas ndi Lago anayambira sukulu m'maboma a Mangochi ndi Machinga kapena pa Likoma, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anabwerera kwawo n'kupeza kuti zonse ayambirenso m'Chipwitikizi.

Zaka khumi zotsatira zinali zomanga. Sukulu za pulayimale zinaphuka m'midzi, ndipo m'zaka za 2004 ndi 2005 boma linabweretsa silabasi yatsopano n'kuthetsa fizi ya kupulayimale, monga Malawi anachitira mu 1994. Walira mvula walira matope. Ana ochuluka otsiriza pulayimale anafuna sekondale, maboma amene analibe sekondale anayamba kuzitsegula, ndipo funso la Johnson la ku Kobwe linabweranso: adzaima kutsogolo ndani? M'masekondale ambiri a ku Niassa, wophunzitsa kalasi 10 anali munthu amene iye mwini anangotsiriza kalasi 12. Wofuna digiri ankayenera kusiya banja n'kupita ku Nampula, ku Beira kapena ku Maputo, pa msewu wafumbi umene nthawi ya dzinja unkameza magalimoto. Ndipo wopita kutali chotero kawirikawiri sankabwerera. Mzinda unkamukonda, iyenso n'kuukonda.

Ndi pa chifukwa chimenechi kuti 2005 ndi chaka chachikulu. Universidade Pedagógica, pansi pa utsogoleri wa Carlos Machili, inatsegula nthambi yake ku Lichinga, chaka chomwe inatsegulanso ina ku Gaza. Oyamba kupindula anali aphunzitsi amene anali kale pa ntchito. Kwa iwo kunakonzedwa makalasi a madzulo, amene kumeneko amawatcha pós-laboral, olipira mwezi ndi mwezi kuchokera m'thumba la wophunzira. Kwa okhala kutali, ku Marrupa, ku Mecula, ku Nipepe, kunabwera maphunziro a patali: munthu amalandira mabuku, amawerenga yekha usiku pa nyali, n'kumabwera nthawi ndi nthawi kudzakumana ndi womuphunzitsa ndi kudzalemba mayeso. Tisabise, chimene chinkakoka ambiri ndi malipiro. Mu ntchito ya boma ya ku Mozambique aphunzitsi ali m'magulu, ndipo wa digiri amalowa gulu lapamwamba lotchedwa N1, limene malipiro ake amasiyana kwambiri ndi a magulu a pansi. Ena amanyoza zimenezi, amati anthu akufuna pepala chabe. Ine sindiona cholakwa kuti bambo wa ana asanu afune kuti thukuta lake lilemere. Chofunika n'choti pofunafuna pepalalo akumane ndi maphunziro enieni panjira.

Ulendo wa wophunzira pasukuluyi umayamba ndi mayeso olowera, ndipo ofuna malo amachuluka kuposa malowo. Akalowa amakhala zaka zinayi. Wina amasankha kudzaphunzitsa masamu, wina bayoloje, kemisitiri kapena fizikisi, wina Chipwitikizi kapena Chingerezi, wina mbiri yakale kapena jogalafe. Koma onsewa, kaya asankha chiyani, amadutsa m'manja mwa gawo loona za maphunziro ndi saikoloji, limene ndi mtima wa sukulu yonse. Kumeneko ndi kumene munthu amaphunzira kuti kudziwa masamu ndi kwina, kuwalowetsa m'mutu mwa mwana wa zaka 13 ndi kwinanso. Amaphunzira mmene mwana amakulira, mmene phunziro limakonzedwera, mmene mayeso amayezera kapena kulephera kuyeza, mmene sukulu imayendetsedwera. Gawo lomweli limasulanso anthu odzayang'anira maphunziro a pulayimale ndi odzakhala akulu a sukulu. Kenako wophunzira amatumizidwa ku sekondale ina ya mumzinda, poyamba kukangokhala kumbuyo n'kumaonerera, pambuyo pake kukagwira choko iye mwini, womuyang'anira ali pakona ndi kope lake. Kumeneko ndi kumene ambiri amadziwira ngati ntchitoyi ndi yawo. Kalasi ya ana 70 kapena kuposa, mabuku ochepa, ena akugona chifukwa achoka kunyumba osadya: zimene zinalembedwa m'mabuku a ku Lisbon ndi ku São Paulo zimayesedwa pamoto.

Mapeto ake ndi kafukufuku wolemba, amene amamutcha monografia, ndi tsiku lokamuteteza pamaso pa aphunzitsi atatu. Tsiku limeneli ndi la banja lonse. Amayi amavala chitenje chatsopano, amalume amabwera kuchokera kumudzi, ndipo wophunzira akatuluka atapambana nthungululu zimamveka mpaka kumsewu. M'mabanja ambiri a ku Niassa ameneyu amakhala woyamba kufika pamenepa chiyambire. Koma ine mtima wanga umatsalira pa mabuku a kafukufukuwo. Ophunzira amalemba zimene akuziona: atsikana osiya sukulu chifukwa cha mimba ndi maukwati a ana, nyengo ya unyago ndi jando imene imawombana ndi kalendala ya sukulu, anyamata othawa m'kalasi kupita kokumba golide kapena kokapha usipa, ana oyamba kalasi 1 osamva liwu ndi limodzi lomwe la mphunzitsi. Palibe wina aliyense padziko amene akulemba za sukulu za ku Muembe kapena ku Ngauma mwatsatanetsatane chotero. Zikanakhala bwino akulu a maphunziro m'maboma akanamawerenga zolembazi, m'malo moti zizingodyedwa ndi fumbi pa shelefu.

Sukuluyi siili yokha m'chigawochi. Universidade Católica de Moçambique ili ndi gawo la zaulimi ku Cuamba ndi la zankhalango ndi nyama ku Lichinga. Universidade Lúrio inaika gawo lake la zaulimi ku Unango, dera lomwe lija la Yohana Abdallah. Aphunzitsi a pulayimale amasulidwa m'makoleji a boma otchedwa IFP, ku Lichinga ndi ku Cuamba, komanso pa koleji ya bungwe la ADPP, abale ake a DAPP amene a ku Malawi amawadziwa ku Chilangoma ndi ku Amalika. Koma ambiri mwa ophunzitsa m'makoleji amenewa ndi m'masekondale anadutsa pa UP, kotero chimene chalakwika kapena kukonzeka pamenepo chimatsikira mpaka kwa mwana wa kalasi 1.

Pofika m'ma 2010 Universidade Pedagógica inali itakula kuposa yunivesite ina iliyonse m'dzikomo, nthambi zili pafupifupi m'chigawo chilichonse, ophunzira zikwi makumimakumi, koma chidindo chili ku Maputo. Kumayambiriro kwa 2019 nduna za boma zinagamula zoigawa pasanu. Maputo inatsala ndi dzina lakale. Gaza ndi Inhambane zinapanga Universidade Save, Manica ndi Tete zinapanga Púnguè, Sofala ndi Zambézia zinapanga Licungo, ndipo Nampula, Cabo Delgado ndi Niassa zinapanga Rovuma, likulu lake ku Nampula, mkulu wake woyamba Mário Jorge Brito dos Santos. Maina onse anayi atsopanowa ndi a mitsinje. Rovuma ndi mtsinje wa m'malire ndi Tanzania, umene anyamata a ku Messumba aja ankawoloka popita kunkhondo. A ku Malawi nkhaniyi aimva msanga, poti nayonso University of Malawi inagawidwa mu 2021, makoleji ake a ku Blantyre n'kukhala mayunivesite paokha.

Kugawaku kuli ndi ubwino wake. Nampula ili pa makilomita oposa 600, kutali ndithu, koma si Maputo. Njanji ya Cuamba inatsegulidwanso mu 2016, msewu wodzera ku Mandimba unaikidwa phula, ndipo pepala lofuna siginecha silikhalanso miyezi panjira ngati kale. Yunivesite yatsopanoyi inapatsidwanso ufulu wotsegula maphunziro ena osakhudza uphunzitsi, ndipo nthambi ya ku Niassa anailozetsa ku chitukuko cha kumidzi ndi sayansi ya zamoyo. M'chigawo chachikulu kuposa dziko lonse la Malawi, cha nthaka yabwino, nkhalango, nyanja, ndi gawo lalikulu la malo osungirako nyama a makilomita 42,000 m'bwalo lake, palibe angatsutse nzeru imeneyi. Nkhawa yanga ndi imodzi. Liwu loti Pedagógica litachoka pa dzina, ntchito yosula aphunzitsi ingayambe kuonedwa ngati chipinda chakuseri, chosungiramo amene alephera kulowa maphunziro apamwamba. Zikatero ndiye kuti tadula nthambi imene takhalira. Katswiri wa zaulimi amene yunivesite ikufuna kutulutsa adzachokera ku sekondale ya ku Majune kapena ku Maúa, ndipo akapanda kupeza mphunzitsi wabwino wa kemisitiri kumeneko, pachipata cha Nángala sadzafikapo.

Tsopano ndibwerere ku chilankhulo, poti mpamene pagona nkhani. Kalembera wa 2017 anapeza kuti anthu pafupifupi 17 okha mwa 100 alionse ku Mozambique ndiwo anayamwira Chipwitikizi, ndipo ambiri a iwo ali m'mizinda. Mwana wa kumudzi ku Niassa amafika pasukulu ndi Chiyao, Chimakhuwa kapena Chinyanja. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri m'masukulu ochepa, Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo zotsatira zake zinalimbikitsa akatswiri. Mu 2003 njirayi inalowa m'masukulu ena a boma m'zigawo zosiyanasiyana: mwana amayamba kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo cha kwawo, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono mpaka kudzatenga malo m'makalasi apamwamba. Ku Niassa ndi ku Cabo Delgado bungwe la Progresso linathandiza kwambiri posindikiza mabuku ndi kuphunzitsa aphunzitsi. Mmodzi mwa omenyera nkhondo njirayi ndi Armindo Ngunga, katswiri wa Chiyao, amene anadzakhalanso wachiwiri kwa nduna ya zamaphunziro. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amanena kuti Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma, koma amalamulanso boma kulemekeza ndi kutukula zilankhulo za makolo. Silabasi ya 2004 inasiyanso gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi ya m'kalasi kuti ana aziphunzira za kwawo, mbewu zawo, mbiri yawo, luso la manja a makolo awo. Gerdes akanafuna chiyaninso?

Pa pepala zonsezi zilipo. M'kalasi zimadalira munthu mmodzi. Mphunzitsi amene anakwapulidwapo ali mwana chifukwa cholankhula Chiyao pabwalo la sukulu, amene zaka 16 za maphunziro ake zonse zinali m'Chipwitikizi, sangadzuke tsiku limodzi n'kuyamba kuphunzitsa kugawa ndi kuchulukitsa m'Chiyao. Kulankhula chilankhulo ndi kwina, kuchilemba ndi kuphunzitsiramo ndi luso lofunika kusulidwa. Makolo enanso amakayika, amati tatumiza mwana kuti akaphunzire chilankhulo cha ntchito, cha kumudzi ali nacho kale. Wowayankha mofatsa, ndi umboni, ayenera kukhala munthu wochokera ku yunivesite ya m'chigawo chawo chomwe, wolankhula ngati iwo. M'mera mpoyamba. Mwana amene zaka zitatu zoyamba anangokhala duu, kubwereza mawu osawamva, kawirikawiri safika kalasi 7.

Pano pali mwayi umene ndimaona kuti sunagwiritsidwe ntchito mokwanira. Kuchoka ku Lichinga kudzera pa Mandimba ndi Chiponde, Zomba ili pafupi kuposa Nampula. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, imene yakhala ikugwira ntchito pa Chichewa ndi Chiyao kuyambira 1996 ndipo inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia kuli mabuku a ana, nthano zolembedwa, mawu a masamu ndi sayansi amene ayesedwa m'kalasi kwa zaka zambiri. Kalembedwe kamasiyana pang'ono, Chinyanja cha kugombe chili ndi mawu ake amene wa ku Lilongwe angadabwe nawo, koma chilankhulo ndi chimodzi. Nawonso a ku Malawi ali ndi chophunzira tsidya lino, poti Mozambique inalola Chiyao kulowa m'kalasi ngati chilankhulo chophunzitsira, pamene mwana wa Chiyao wa ku Mangochi amayambabe sukulu m'chilankhulo cha ena. Malire amene anatigawa anaikidwa ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891. Asodzi ndi amalonda a chimanga amawoloka tsiku ndi tsiku, ndipo sindiona chifukwa choti aphunzitsi a aphunzitsi azilephera.

Zaka zaposachedwapa sizinali zophweka. Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo maphunziro a pa intaneti anaonetsa poyera kusiyana kwa wophunzira wa mumzinda ndi wa kumudzi kumene netiweki imapezeka pokwera chulu. Lamulo latsopano la maphunziro la 2018 linafupikitsa pulayimale kukhala zaka 6, linasamutsira kalasi 7 ku sekondale, n'kulamula kuti mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9. Izi zikutanthauza kuti aphunzitsi a sekondale akufunika ochuluka kuposa kale, kufikira m'midzi imene sekondale sinkadziwika. Komabe boma limalemba ntchito owerengeka chaka chilichonse malinga ndi thumba lake, kotero pali achinyamata a digiri ya uphunzitsi amene akuyendetsa njinga zamoto zonyamula anthu mu Lichinga, pamene makalasi ali odzaza mpaka pakhomo. Amene ali pa ntchito akhala akudandaula za ndalama za maola owonjezera zimene zimachedwa. Pa 12 Okutobala, tsiku la aphunzitsi ku Mozambique, amavala zitenje ndi malaya ofanana n'kuguba, madandaulowo ali m'thumba.

Amene mwayi wamugwera amalandira kalata yomutumiza ku boma lakutilakuti. Kukhoza kukhala ku Mavago kapena ku Mecula, kumene njovu zimadutsa m'minda ya sukulu, kapena ku Cóbuè komwe kuja, kumene madzulo magetsi a pa Likoma amaoneka tsidya la madzi. Wopita ku Cóbuè amakweza matiresi, mbaula ndi katoni ya mabuku pa lole, n'kutsika phiri la Lichinga kulowera kunyanja. Kumeneko mphunzitsi aliyense, wa kalasi 1 ngakhale wa kalasi 12, amatchedwa professor, ndipo akuluakulu ena amati mwalimu monga ankanenera m'masiku a mishoni. Lolemba m'mawa ana amaimirira n'kumupatsa moni wa Chipwitikizi onse pamodzi, mmene anawaphunzitsira. Akakhala pansi amayamba kunong'onezana m'Chinyanja, kufunsana ngati mphunzitsi watsopanoyu akumva zimene akunena.